ULENDO WA TSIKU LIMODZI KU NYUMBA YA MALAMULO YA KU NEBRASKA

M'nkhani yathu ya lero tidzacoka kuno kwathu m'maganizo, ndi kuoloka nyanja yaikulu ya Atlantic, kupita pakati peni-peni pa dziko la United States of America kukaona nyumba imodzi. Tikafika m'dzikolo, ulendo wake ndi wa tsiku limodzi cabe. Tidzanyamuka m'mawa mu mzinda wa Omaha, tidzaswera mu mzinda wa Lincoln, ndipo dzuwa likamalowa tidzakhala tiri pa njira yobwerera. Ana a sukulu a kumeneko amayenda ulendo wotere caka ndi caka, makamaka a Giredi 4, pakuti m'kalasi imeneyo ndimo amaphunzira mbiri ya kwao.

Tisananyamuke ndiyenera kumasulira cinthu cimodzi. Dziko la United States liri ndi zigawo 50, koma zigawo zimenezi sizifanana ndi zathu. Kuno kwathu malamulo a dziko lonse amapangidwa pamalo amodzi, ku Manda Hill mu Lusaka, ndipo Cigawo ca Kum'mawa ciribe nyumba ya malamulo yakeyake. Ku America cigawo ciriconse ciri ndi Bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, makhoti ake, ndi aphungu ake amene amapanga malamulo a za masukulu, miseu, maukwati, nthaka, misonkho, ndi zilango za milandu yambiri. Boma lalikulu la ku Washington limayang'anira zinthu zina, monga asilikari, ndalama ya dziko ndi ubale ndi maiko akunja. Nyumba imene aphungu a cigawo amakumaniramo amaichula kuti Capitol, dzina locokera ku phiri lina la mu mzinda wa Rome, kumene Aroma akale anamanga kacisi wao wamkulu. Ife tasankha Capitol ya cigawo ca Nebraska, cifukwa iri ndi cinthu cimene zina 49 ziribe. Cinthuco tidzaciona tikalowa m'kati.

Tiyerekeze kuti ndi tsiku la pakati pa sabata m'mwezi wa Febuluwale. Mwezi umenewu tausankhira dala, pakuti aphungu amayamba kukumana mu Januwale, ndipo amakhala masiku a nchito 90 caka cimodzi, ndi masiku 60 caka cotsatira. Wopita mu Ogasiti adzapeza mipando yokha-yokha. Koma valani zofunda, cifukwa pamene kuno cimanga ciri kumasula ngaiyaye, kumeneko ndi nyengo yozizira koopsa, madzi amauma ngati mwala. Kucokera ku Omaha kufika ku Lincoln pali makilomita oposa 80 pang'ono, monga mtunda wa pakati pa Chipata ndi Katete, ndipo galimoto imayenda ola limodzi. Pa njira tidzaoloka mtsinje wa Platte, wotambalala koma wosazama. Eni nthaka a mtundu wa Otoe anauchula dzina lotanthauza kuti madzi athyathyathya, ndipo m'dzina limenelo ndimo munacokera liu lakuti Nebraska. Uku ndi uku mudzaona minda ya cimanga yokololedwa kale, mapesi ali mbwee m'cipale cofewa. Cimanga ca kumeneko cambiri ndi cacikasu, ndipo sicipita ku nsima ai: cimadyetsedwa ng'ombe ndi nkhumba, cina amapangira mafuta osakaniza ndi petulo.

Mukadali kutali ndi mzinda mudzaona nsanja yoyera itaima yokha pamwamba pa cidikha. Kutalika kwake ndi mamita 122, kuposa Findeco House ya mu Lusaka. Zigawo zambiri pomanga nyumba zao za malamulo zinatsanzira ya ku Washington, ya mizati yambiri ndi denga lobulungira ngati mphika wovundikira. Anthu a ku Nebraska anakana kutero. Dziko lao liribe mapiri, tsono anafuna cinthu coti mlimi acione ali m'munda mwake. Kufikira lero mzinda wa Lincoln uli ndi malamulo oletsa kumanga nyumba zazitali zimene zingaphimbe nsanjayo.

Pamwamba peni-peni pa nsanja paima munthu wamkuwa, wotalika pafupi-fupi mamita 6. Mwina mungaganize kuti ndi mfumu kapena kazembe wa nkhondo. Iai. Ndi mlimi wopanda nsapato, thumba la mbeu liri pambali pake, dzanja lamanja alitambasula kuti afese. Amamuchula Wofesa Mbeu. Anamuumba ndi mmisiri Lee Lawrie, ndipo anamukweza pamwambapo m'caka ca 1930. Munsi mwa mapazi ake, kuzungulira nsanja, muli zithunzi za mbalame ya bingu, imene eni nthaka anali kukhulupirira kuti imabweretsa mvula. Mbeu ndi mvula: palibe Mzambia amene angafune womasulira pamenepa.

Mbiri ya kamangidwe ka nyumbayi njoyenera kuimva. Nebraska inakhala cigawo ca United States pa 1 Malici 1867, ndipo caka comweco likulu linacotsedwa ku Omaha kupita ku kamudzi kochedwa Lancaster, kamene anakapatsa dzina latsopano la Lincoln, pokumbukira Pulezidenti Abraham Lincoln amene anaphedwa mu 1865. Nyumba ya malamulo yoyamba anaimanga mothamanga ndi miyala yosalimba, ndipo siinakhalitse. Yaciwiri inatha mu 1888, koma nayonso patapita zaka zowerengeka inayamba kutitimira ndi kung'aluka. Mu 1919 aphungu anagwirizana kuti amange yacitatu, ndipo ulendo uno anafuna yokhalitsa. Pa mpikisano wa mapulani anapambana Bertram Goodhue wa ku New York. Nchito inayamba mu 1922 ndi kutha mu 1932, koma Goodhue mwini sanaione itatha, pakuti anamwalira mu 1924.

Kamangidwe kake kanali kocenjera. Anayamba ndi mbali zakunja, kuzungulira nyumba yakale ija iri ciimire, akalaliki ali kugwira nchito m'kati. Maofesi atsopano atatha, anthu anasamukiramo, ndipo mu 1925 yakaleyo anaigwetsa kuti pakatipo pamangidwe nsanja. Motero boma silinalipire lendi kwina. Miyala yoyera ya m'zipupa inacokera ku cigawo ca Indiana, ndipo anacita kuyala njanji yapadera m'mseu wa mu mzinda kuti sitima izifika nayo pamalopo. Ndalama zonse zinakwana madola pafupi-fupi 10 miliyoni. Cimene anthu a kumeneko amanyadira koposa ndi cakuti sanakongole ngakhale dola imodzi. Malamulo akulu a cigawo cao amaletsa boma kukhala ndi nkhongole yopitirira madola 100,000, tsono anaika msonkho wapadera pa katundu wa anthu, ndipo anali kumanga monga momwe ndalama zinali kulowera. Ndico cifukwa cake nchito inatenga zaka 10. Ife amene tidziwa kulemera kwa nkhongole ya dziko, sitingaseke kucedwa kumeneko.

Tafika tsopano, tatsika galimoto. Musathamangire kulowa. Tsinde la nyumbayi ndi lalifupi koma lotambalala, mbali zake zinai nzofanana, iriyonse mamita 133, ndipo m'kati mwake muli mabwalo anai opanda denga. Yendani pang'ono-pang'ono kuizungulira. Pamwamba pa mazenera analembapo maina a maboma 93 a m'cigawomo, kotero kuti mwana aliyense wobwera ndi basi ya sukulu amafuna-funa dzina la kwao. Pa zipupa anasemapo mbiri ya malamulo a anthu: Mose ali kutsika ndi magome, Solomo ali kuweruza mlandu, mfumu ya ku England iri kuvomereza cikalata ca Magna Carta. Ku mbali ya kumwera kuli nkhope za opanga malamulo akale, monga Hammurabi wa ku Babulo ndi Akhenaten, Farao wa ku Ejipito kuno ku Africa. Anthuwa sanawaike pambali ngati zidole. Anawasema m'miyala yeni-yeni ya cipupa, mutu ndi cifuwa ziri kutuluka m'khoma, thupi lonse lamira m'nyumba.

Amene anasankha zonsezi ndi Hartley Burr Alexander, mphunzitsi wa nzeru zakuya pa yunivesite ya Nebraska. Iye ndiye analembanso mau amene ali pamwamba pa khomo lalikulu la kumpoto, onena kuti cipulumutso ca dziko cagona pa kukhala maso kwa nzika zake. Muwasunge mau amenewa, pakuti tidzakumana nao kawiri konse tisanatuluke. M'mbali mwa makwerero a khomo limeneli anasemamo njati za ku America ndi cimanga, ndi maina a mitundu ya eni nthaka imene inakhala m'zidikha zimenezi Azungu asanafike.

Kulowa m'nyumbayi nkwaulere, ndipo alipo anthu a nchito yoonetsa alendo amenenso salipiritsa. Coyamba kukudabwitsani cidzakhala mitundu ya utoto. Kunja nkoyera, koma m'kati denga ndi pansi ponse pali zithunzi zopangidwa ndi timiyala ndi timbale tadothi tating'ono-ting'ono tolumikizidwa pamodzi. Zambiri mwa izo anazijambula ndi mai wina waluso, Hildreth Meière. Pakati pa nyumba, pansi pa nsanja, pali malo aakulu ozungulira. Mukayang'ana pansi pamene mwaponda mudzaona cithunzi ca mai woimira Dziko Lapansi, ndi zithunzi zinai za nthaka, madzi, moto ndi mpweya, ndipo m'mphepete mwake muli nyama zakale-kale zimene mafupa ake anafukulidwa m'nthaka ya Nebraska. Ana amakonda kuyenda motsatira nyamazo ngati ali kutsata mkukuluzi.

M'likole lalitali lopita kumeneko muli cithunzi cimene aphunzitsi sacilambalala. Pa 12 Januwale 1888 kunaca bwino, kotero kuti ana ambiri anapita ku sukulu osavala zofunda zokwanira. Masana kunabuka namondwe wa cipale cofewa, wocititsa mdima usana, ndipo anthu oposa 200 anafa m'zidikha zimenezo, ambiri mwa iwo ana amene anasokera pobwerera kwao. Mphunzitsi wina wacitsikana, Minnie Freeman, mphepo itasasula denga la sukulu yake, anatsogolera ana ake onse m'namondwemo kufikira anafika pa nyumba ya mlimi, osatayapo ndi mmodzi yemwe. Cithunzi cake capangidwa ndi timagalasi tonyezimira, ndipo muyenera kuima patali kuti muone mzera wa anawo. Pafupi pomwepo pali cina ca anthu obzala mitengo, pakuti mwambo wa tsiku lobzala mitengo la Arbor Day unayambira ku Nebraska mu 1872.

Tsopano tafika pa ceni-ceni cimene tadzera. Mukaima pakati pa malo ozungulira aja, mudzaona makomo awiri aakulu, lina kum'mawa, lina kumadzulo. La kum'mawa ndi lokongola koposa: zitseko zake nzolemera, zosemedwa ndi kupakidwa utoto, mwamuna ndi mkazi a eni nthaka aima uku ndi uku. Koma kuseri kwake kuli zii. Aphungu sapangiramonso malamulo m'cipinda cimeneco. Onse ali kumadzulo.

Nkhani yake ndi iyi. Pamene nyumbayi inali kumangidwa, Nebraska inali ndi magulu awiri a aphungu monga zigawo zina zonse, Senate ndi House of Representatives, ndipo gulu lirilonse analimangira cipinda cake. Koma kunali munthu wina, George Norris, amene anaimira Nebraska ku Washington zaka 40, kuyambira 1903 kufikira 1943. Iye anali kunena kuti magulu awiri ndi mwambo wotengera ku Britain, kumene gulu lina linali la mfulu zobadwira m'maufumu ndipo lina la anthu wamba. Ku Nebraska kunalibe mfulu zotero. Anthu amodzi-modzi anali kusankha magulu onse awiri kuti agwire nchito imodzi-modzi kawiri. Cimene cinamuwawa koposa ndi ici: magulu awiriwo akasiyana maganizo pa lamulo, anali kusankha anthu ocepa kuti akakambirane m'kacipinda kotseka. M'menemo lamulo linali kusinthidwa mwa cinsinsi, popanda colembedwa, ndipo phungu pobwerera kwao anali kungoti, si ine, ndi a gulu linalo. Norris anafuna kuti munthu aliyense adziwike ndi voti yake.

Mu 1934 anayendayenda m'cigawo conse pa galimoto yake kukopa anthu. Manyuzipepala ambiri anamutsutsa, ndipo andale a zipani zonse ziwiri sanakondwe naye. Koma inali nthawi ya njala ya ndalama ndi cilala, ndipo anthu anamvetsera pamene anawauza kuti gulu limodzi lidzadya ndalama zocepa. Pa masankho a Novembala 1934, anthu pafupi-fupi 6 mwa 10 alionse anavomera. Ena amati zinathandiza kuti pa pepala lomwelo panali mafunso ena awiri okoma kwa ambiri, lololeza mowa ndi lololeza kubecha pa mpikisano wa akavalo, kotero kuti dzanja litazolowera kulemba inde linangopitiriza. Kaya nzoona kaya ndi nthabwala ya olephera, gulu limodzilo linakumana koyamba mu Januwale 1937. Aphungu anacepa kucokera pa 133 kufika pa 43, ndipo ndalama zoyendetsera msonkhano zinatsika pafupi-fupi ndi theka. Cipinda cokongola ca kum'mawa cija cinagwira nchito yake zaka zowerengeka cabe.

Lero aphungu alipo 49, aliyense aimira anthu ngati 40,000, ndipo onse amachedwa maseneta. Nyumbayo anthu amangoichula kuti Unicameral, ndiko kuti ya cipinda cimodzi. Kwa ife Azambia zimenezi sizacilendo, popeza Nyumba ya Malamulo yathu ya pa Manda Hill, imene inatsegulidwa mu 1967, nayonso ndi ya cipinda cimodzi. Koma ku America, Nebraska iri yokha.

Tiyeni tikwere pa khonde la m'mwamba, pamene alendo amakhala. Pansipo mudzaona madesiki m'mizere, onse ayang'ana kutsogolo. Simudzaona mbali ya boma ndi mbali yotsutsa monga kwathu, cifukwa Norris anapambananso pa cinthu caciwiri: pa pepala la masankho a aphunguwa salembapo dzina la cipani. Tisanamizane, aliyense amadziwa cipani ca mnzake, ndipo ambiri ndi a Republican. Komabe m'nyumbamo mulibe mtsogoleri wa cipani woti akauze anzake mobvotera, ndipo nthawi zina munthu wa cipani cocepa amasankhidwa kukhala wapampando wa komiti. Kutsogolo kuli bolodi lalikulu la maina onse. Nthawi ya voti ikakwana phungu amadina batani pa desiki yake, ndipo pa dzina lake pamayaka nyali yobiriwira kapena yofiira. Mwana wa Giredi 4 ali pa khonde angathe kuona mmene phungu wa kwao wabvotera. Nthawi zina wapampando amaimitsa zokambirana pang'ono ndi kulengeza kuti pa khonde pali ana a sukulu yakuti-yakuti, anawo amaimirira, ndipo aphungu amawaombera m'manja.

Funso limene mungafunse ndi lakuti, popanda gulu laciwiri, ndani angaletse aphungu 49 kupanga lamulo loipa mothamanga? Zocinga zilipo zingapo. Lamulo loyembekezera kuvomerezedwa, limene amati bilu, liyenera kunena za nkhani imodzi yokha, ndipo limabwera pamaso pa nyumba yonse katatu pa masiku osiyana. Bwanamkubwa angathe kulikana, ndipo kuti aphungu amugonjetse pafunika mavoti 30. Ocepa akafuna kucedwetsa bilu mwa kulankhula kosalekeza, pafunika mavoti 33 kuti awakhalitse cete. Koma cocinga cacikulu tidzaciona masana.

Potuluka m'cipindamo ndikuuzeni za munthu mmodzi amene anakhalamo nthawi yaitali kuposa wina aliyense, zaka 46. Dzina lake ndi Ernie Chambers, munthu wakuda wa kumpoto kwa Omaha, amene nchito yake poyamba inali yometa tsitsi. Analowa mu 1971, ndipo zaka zambiri anali wakuda yekha m'nyumbamo. Anzake anali kubwera ndi majekete ndi mataye, iye anali kubwera ndi sikipa ya manja aafupi. Malamulo a kayendetsedwe ka nyumbayo anawadziwa kuposa onse, ndipo bilu imene anaiona kuti ipondereza osauka anali kuigwira pakhosi masiku ambiri. Ife a kuno kumwera kwa Africa tiri ndi cifukwa comukumbukira. Atamva kuti thumba la ndalama la yunivesite ya Nebraska lalandira mphatso ya ndalama zagolide za Krugerrand zocokera ku South Africa, anabweretsa pempho lakuti cigawo cicotse ndalama zake m'makampani ocita malonda ndi boma la tsankho. Pempholo linavomerezedwa mu 1980, ndipo Nebraska inakhala cigawo coyamba mu America monse kutero. Mu 1984 linasanduka lamulo lokakamiza. Zaka zimenezo likulu la ANC linali mu Lusaka, ndipo Zambia inali kusauka cifukwa cosunga omenyera ufulu. Alimi a cimanga a ku Nebraska ambiri sanali kudziwa kumene kuli Lusaka, koma phungu mmodzi wouma mutu anacititsa kuti ndalama zao zileke kuthandiza adani athu.

Nthawi ya cakudya ca masana tidzatulukira khomo la kumadzulo, kumene kuli fano la Abraham Lincoln ataima, mutu ataweramitsa. Linaikidwa mu 1912, nyumba ino isanamangidwe, ndipo analiumba ndi Daniel Chester French, yemwe pambuyo pake anapanga fano lalikulu la Lincoln wokhala pa mpando ku Washington. Koma tisacedwe, cifukwa hafu pasiti wanu makomiti amayamba.

M'miyezi yoyamba ya msonkhano, m'mawa aphungu amakhala onse pamodzi, masana amagawikana m'makomiti m'zipinda zapansi. Lamulo la nyumbayi ndi lakuti pafupi-fupi bilu iriyonse, ngakhale yooneka yopanda pake, iyenera kumvedwa poyera, ndipo tsiku lake limalengezedwa pasadakhale. Munthu aliyense angathe kubwera kudzalankhula. Safunika kuitanidwa, safunika loya, safunika kalata ya mfumu kapena ya cipani. Amalemba dzina lake pa pepala, nakhala pa mpando woyang'anana ndi aphungu, nachula dzina lake ndi malembo ake kuti kalaliki alembe bwino. Amayamba ndi phungu mwini bilu, kenaka ovomereza, kenaka otsutsa, potsiriza amene sali mbali iriyonse. Pa tebulo pali tinyali titatu: kobiriwira ndiko kuti lankhulani, kacikasu ndiko kuti yatsala mphindi imodzi, kofiira ndiko kuti basi. Mudzaona woweta ng'ombe amene wayenda maola asanu kapena asanu ndi limodzi kucokera kumadzulo kwa cigawo kuti adzalankhule mphindi zitatu za msonkho wa munda wake. Pambuyo pake padzakhala namwino, kapena mai wa mwana wolumala, kapena mnyamata wa sekondale pepala liri kunjenjemera m'manja. Bilu ikakhala yautsa mitima, komiti imakhala kufikira usiku. Anthu a ku Nebraska amati gulu laciwiri la nyumba yao ya malamulo ndi anthu eni ake, ndipo m'zipinda zimenezi ndimo mau a pa khomo aja aoneka tanthauzo lake. Makomiti a Nyumba ya Malamulo yathu naonso amaitana anthu kuti apereke maganizo pa mabilu, ndipo pa Manda Hill palinso khonde la alendo. Kaya ndi angati mwa inu omvera amene munakhalapo pamenepo.

Gulu laciwirili liri ndi mano. Mu 2015 aphungu anavomereza bilu ya Chambers yothetsa cilango ca imfa. Bwanamkubwa Pete Ricketts anaikana, koma aphungu anamugonjetsa ndi mavoti 30 eni-eni, osapitirira ndi imodzi yomwe. Pamenepo ofuna cilangoco anasonkhanitsa maina a anthu zikwi-zikwi, Bwanamkubwa mwini nathandiza ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo nkhaniyo inapita ku voti ya anthu onse. Mu Novembala 2016 anthu anabweza cilango ca imfa. Ena mwa inu mudzati anthu anacita bwino, ena mudzati analakwa, makamaka popeza kuno kwathu cilango cimeneci cinathetsedwa mu 2022. Ine ndingoti nzika zokhala maso sizibvota nthawi zonse monga momwe iwe ufunira.

Ndisakupatseni cithunzi cosalala kopitirira. Malipiro a phungu ndi madola 12,000 pa caka, ndipo sanakwere kuyambira pamene anthu anawavomereza mu 1988. Ku America ndalama zimenezo sizingasunge banja, motero ambiri amene amaima pa masankho ndi olemera kale, opuma pa nchito, kapena a mabizinesi ao-ao. Ndiponso m'caka ca 2000 anthu anabvota kuti phungu asapitirire nyengo ziwiri zotsatizana za zaka zinai-zinai. Ambiri amakhulupirira kuti lamulo limenelo analipangira Chambers, amene anatulukadi mu 2009, nabwereranso mu 2013, natulukanso mu 2021. Cotsatira cake ncakuti phungu amacoka pamene wayamba kumene kuidziwa nchito, pamene otumidwa ndi makampani kudzakopa aphungu amakhala m'makonde a nyumbayi zaka makumi-makumi. M'mawa muja, mukadayang'ana kuseri kwa zitseko zagalasi kumbuyo kwa cipinda, mukadawaona ataima m'malo ozungulira aja, ali kudikira phungu kuti atuluke.

Dzuwa lapendeka, ndipo kwatsala malo awiri. M'makonde a nyumbayi muli mafano a mitu ya anthu ochuka a ku Nebraska. Woyamba kuikidwa anali Norris. Alipo Willa Cather, mlembi wa mabuku onena za moyo wa alimi oyamba a m'zidikhazi. Mu 2024 anaikamo Malcolm X, amene anabadwira ku Omaha mu 1925, ndipo ndiye wakuda woyamba kulandira ulemu umenewu. Koma imani pa fano la mfumu Standing Bear ya mtundu wa Ponca, muiyang'anitsitse nkhope yake, cifukwa tidzaipezanso pamwamba.

Cikepe copita pamwamba pa nsanja ncacing'ono ndi cakale, cimalowa anthu ocepa. Cidzatitula pa nyumba yosanja ya 14, m'cipinda ca mbali zisanu ndi zitatu ca miyala yakuda, cokumbukira anthu amene anatumikira anzao pa nkhondo ndi pa mtendere. Pa zipupa pali zithunzi zisanu ndi zitatu zimene Stephen Roberts anamaliza mu 1996, ndipo cimodzi cionetsa Standing Bear ataima m'khoti, dzanja atatambasula.

Mu 1877 boma la United States linasamutsa Aponca mokakamiza kucokera kwao m'mbali mwa mtsinje wa Niobrara, kumpoto kwa Nebraska, kupita ku dziko lotentha limene lero ndi Oklahoma. Ena anafa pa njira, ndipo ambiri anafa ndi malungo ndi njala atafika. Mwana wamwamuna wa Standing Bear, ali pafupi kumwalira, anapempha atate wake kuti akamuike kwao pakati pa makolo ake. Mu Januwale 1879, m'kati mwa cisanu, mfumuyo inanyamula mafupa a mwana wake pa ngolo, ndi anthu ngati 30, niyenda ulendo wa makilomita mazana ambiri kubwerera kumpoto. Asilikari a kazembe George Crook anawagwira cifukwa cocoka pamalo amene boma linawaika popanda cilolezo. Maloya awiri a ku Omaha anawaimira kwaulere. Woimira boma anati mwini nthaka sangasumire boma, pakuti pamaso pa lamulo sali munthu woti khoti limumvere. Pa 12 Meyi 1879 woweruza Elmer Dundy anagamula kuti mwini nthaka ndi munthu monga mwa tanthauzo la lamulo, ndi kuti Aponcawo amasulidwe. Standing Bear anapita kukaika mwana wake ku Niobrara, ndipo iye mwini anaikidwa komweko mu 1908.

Kucokera m'cipindamo muli timakomo totulukira pa makonde akunja, ngati mphepo yalola. Kumpoto mudzaona mseu wotambalala wolunjika ku yunivesite, cakumadzulo pang'ono bwalo lalikulu la mpira, ndipo kupitirira pamenepo nkhokwe zazitali za cimanga m'mbali mwa njanji, kenaka minda yokha-yokha kufikira kumene maso alekeza. Niobrara ali kutali, saoneka. Wofesa Mbeu ali pamwamba pa mitu yathu, nayenso sitingamuone tiri pano. Pansi, mabasi acikasu a sukulu anapita kale, koma mazenera a zipinda za makomiti akali kuyaka. Ife titsike, pakuti mdima wa Febuluwale umafulumira, ndipo Omaha ali ola limodzi kutsogolo. Tsalani bwino.